Tsiku lomwe ndinakhala Mfumukazi Elizabeth

Kusukulu komwe ndimaphunzitsa mbiri yakale tinakonza sewero la mafumu a ku England, ndiye mtsikana yemwe amayenera kukhala Elizabeth Woyamba anagwidwa malungo usiku wake. A hedi anangondiyang'ana n'kuti, "Amadamu, mayi ameneyu mumamudziwa ndinu." Pokanira panalibe.

Nkhani inali pankhope. Elizabeth anadwala nthomba mu 1562, ndipo amati zipsera zake ankazikwirira ndi phala loyera la mtovu wosakaniza ndi viniga. Masiku amenewo kuyera mbuu kunkasonyeza kuti munthu sadziwa khasu kapena dzuwa. Koma mtovu ndi poizoni. Unkadya khungu, tsitsi n'kumathothoka, mwini nkhope n'kumawonjezera phala pofuna kubisa zilonda zobwera ndi phala lomwelo. Mwayi wanga mtovu ndinalibe. Ndinali ndi ufa wa kondowole.

Ndinaukanda ndi madzi ofunda n'kudzimata kuyambira pachipumi mpaka m'khosi. Kumutu wigi yofiira yobwereka, m'khosi kolala ya mapepala opindapinda. Pagalasi ndinkaoneka munthu wa ndalama zake ndithu.

Koma unali mwezi wa Okutobala, sewero lili pabwalo, dzuwa likuswa mtengo. Kondowole akauma amagwira ngati guluu. Nthawi itakwana yoti ndilimbitse mtima asilikali, monga anachitira mfumukaziyo ku Tilbury mu 1588 zombo za Spain zikuopseza, pakamwa panakana kutseguka. Chomwe chinamveka ndi "mmm, mmm" basi. Nditadzikakamiza, tsaya linang'aluka, chibenthu chonse n'kugwa pansi kuti phwa!

Tiana ta kupulayimale tomwe tinadzaonerera tinabalalika tikukuwa, "Mzukwa! Mzukwa!" Agogo ena, poyesa kwatuluka gule, anaponya K50 pansi n'kuwomba m'manja. Apo n'kuti mbuzi ya a wotchi itamva kale fungo la chinangwa. Inandilondola mpaka pampando wachifumu, n'kuyamba ndi kolala. Asilikali anga, m'malo moteteza mfumukazi yawo, anali gone pansi ndi phwete.

Pamjigo ndinakhula nkhope mpaka kuwawa, ndipo kondowole pochoka anatenga nsidze zanga zonse. Lolemba nditalowa mu Fomu 3, kalasi inangoti zii, kenaka mnyamata wina kumbuyo anakweza dzanja.

"Madamu, paja munati azimayi a nthawi imeneyo ankazula nsidze dala. Ndiye sewero lija likupitirira?"