Lachiwiri: masamu ndaphunzitsa piriyodi imodzi yokha

Ndadzuka kudakali mdima, mvula ikuwaza. Dzulo usiku ndinakonzekera bwino phunziro la phindu ndi kuluza la Sitandade 7, mpaka ndinanyamula tomato asanu kuti ana aone ndi maso kuti peresenti imachokera pati.

Koma ndisanagwire choko, ndinayamba ndaima pamzere wa phala. Amayi odzipereka amabwera m'mamawa kudzaphika phala la Mary's Meals, ndipo mu February muno, chimanga chili m'munda koma nkhokwe zili mbee, mzerewo umakhala wa nkhondo. Anyamata akuluakulu amakankha tiana ta Sitandade 1. Ndinakhala wapolisi kwa theka la ola.

M'kalasi tomato anagwira ntchito yake. Mnyamata wina amene amathandiza mayi ake kugulitsa pamsika anawerengera phindu m'mutu ine ndisanamalize kulemba pabolodi. Papepala mwana yemweyo amalephera. Izi zimandisowetsa mtendere.

Belu litalira onse anathamangira panja, kupatula mtsikana mmodzi kumbuyo. Ndinamufunsa ngati akudwala, iye n'kungoweramitsa mutu. Kenako ananong'ona kuti, "Madamu, sindingathe kuimirira." Ndinamva msanga. Watha msinkhu lero, m'kalasi, pakati pa anyamata. Mudirowa yanga simusowa chitenje, ndipo chimakhalamo chifukwa cha masiku ngati lero. Ndinamufunditsa, n'kutuma mnzake kukaitana mayi wina wa m'gulu la amayi amene amathandiza atsikana pasukulu pano. Ku TTC, koleji yophunzitsa aphunzitsi, tinaphunzira kulemba masikimu ndi mapulani a maphunziro, koma za chitenjechi palibe amene anatiyesa mayeso. Piriyodi ya Chingerezi inapita pomwepo, ndipo sindikudandaula. Mtsikana akasekedwa tsiku lotere, mawa lake pa desiki pake pamakhala popanda munthu.

Titaweruka ndinapalasa njinga kupita kumudzi wa kutsidya kwa dambo. Pali mnyamata amene wajomba masiku anayi, yemwe chaka chamawa akuyenera kulemba mayeso a MANEB a Sitandade 8. Ndinapeza agogo ake akusenda maungu.

"Takulandirani aphunzitsi. Mwanayo ali ku ganyu, akupalira munda wa eni."

"Agogo, mutu wake ndi wabwino. Akapitiriza chonchi atsalira."

"Ndikudziwa mwanangu. Nanga tidya chiyani?"

Ndinasowa choyankha. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, inde, koma tsiku limene mwanayu ali m'kalasi ndi tsiku limene pakhomopo sipalowa ufa. Tinakambirana nthawi yaitali, ine pamphasa, iwo pakhonde. Tinagwirizana kuti azibwera m'mawa, azimwa phala, ganyuyo azipita masana ndi Loweruka. Ndiwauzanso aphunzitsi aakulu kuti nkhaniyi ifike ku komiti ya sukulu. Agogo anandipatsa dzungu limodzi. Ndinafuna kukana, poona mmene zinthu zilili pakhomopo, koma kukana kukanakhala chipongwe.

Pano ndi 9 koloko usiku. Magetsi azima, ndikuchonga makope ndi tochi ya pafoni. Ndachonga 40, atsala oposa theka. Kope la mnyamata wa kumsika uja ndaliika pambali. Mawa ndimufunsa mafunso omwewa pakamwa, mitengo yake ikhale ya tomato ndi bonya, ndione pamene pakumusokoneza.