Lachitatu ku Park Royal: kalata ya lendi ndi mapu a malo

Ndinafika kuntchito kusanache, mvula ikuwaza, malole atandanda kale m'mbali mwa msewu kudikira katundu. Park Royal, dera la mafakitale kumadzulo kwa London, imadzuka London yonse ikadali m'tulo. Pofika 5 koloko buledi wathu amakhala atazizira pang'ono m'mathireyi, ine nkumukweza m'galimoto kukasiya m'malesitilanti a ku Kilburn, Shepherd's Bush ndi Paddington asanatsegule.

Pobwerako ndinapeza abwana atakhala pathumba la ufa, kalata ili m'manja. Mgwirizano wa lendi ya bekale yathu utha chaka chamawa, ndipo eni nyumba alemba mtengo watsopano woti abwana anangopukusa nawo mutu. Sanakalipe. Anangoti, "Malo otsika mtengo atsala kunja kwa M25." M25 ndi msewu waukulu wozungulira London, ndipo tonse tinamva chomwe akutanthauza. Amayi awiri amene amakanda ufa usiku amabwera pabasi kuchokera ku Stonebridge, ana awo ali pasukulu konko. Sangatsatire ntchito mpaka kutali choncho.

Masana ndinakadyera kugalaja ya kuseri kwathu, kwa achimwene ena a ku Ntcheu amene amatikonzera magalimoto. Ndinawapeza ali chagada pansi pa vani, miyendo yokha ikuoneka. Nditawafotokozera za kalatayo, anatuluka, kupukuta manja pachiguduli, nkundiwerengera ndi zala zakuda ndi oyilo anzawo amene anasamuka mumzere womwewu: wokonza mafiriji, kalipentala wa makabati a m'khitchini, wosindikiza zikwangwani. "Mphwanga," anatero, "kuno aliyense akufuna buledi wam'mawa, akufuna katundu wa pa intaneti afike tsiku lomwelo. Koma lole pafupi ndi zenera lake, ayi." Ndiwo anandikoka kuti madzulo tipite kumsonkhano wa eni mabizinesi ang'onoang'ono m'holo ya tchalitchi china.

Amene amatsogolera ndi mayi wina wopuma pantchito yokonza mapulani a mizinda. Anayala mapu patebulo, kukanikiza ngodya zake ndi makapu a tiyi, nkuyamba ndi malire. Park Royal yagona kwambiri m'maboma a Brent ndi Ealing, koma kuyambira 2015 mphamvu za mapulani a dera lino zili ndi bungwe la meya wa London lotchedwa Old Oak and Park Royal Development Corporation, lomwe pulani yake inavomerezedwa mu 2022. Muno muli mabizinesi pafupifupi 1,700 ndi antchito oposa 40,000, ambiri a iwo opanga ndi kunyamula zakudya. Pulani yaikulu ya London ya 2021 inaika Park Royal m'gulu la malo otetezedwa a mafakitale, Strategic Industrial Location, kutanthauza kuti munthu sangangogwetsa fakitale nkumangapo nyumba zogona.

Ndinafunsa nthawi yomweyo: ngati malo ndi otetezedwa, nanga lendi ikutithamangitsa bwanji?

Yankho lake ndi lomwe landikhalitsa maso mpaka pano. Pakati pa 2001 ndi 2015 London inataya mahekitala pafupifupi 1,300 a malo a mafakitale, ambiri anasanduka nyumba. Ngakhale pano pomwe, fakitale ya mowa wa Guinness imene inatsegulidwa mu 1936 inatsekedwa mu 2005, ndipo pamalo pake pali maofesi, nyumba zogona ndi nyumba zosungiramo katundu. Malo atachepa choncho, ofuna malowo anachuluka: makampani otumiza katundu wogula pa intaneti, ndi zinyumba zodzaza makompyuta osunga deta. Zinyumba zimenezi zimameza magetsi moti mu 2022 omanga nyumba ku Ealing, Hillingdon ndi Hounslow anachenjezedwa kuti akhoza kudikira zaka zambiri asanalumikizidwe. Pulani imateteza nthaka kuti ikhalebe ya ntchito, koma sinena kuti ntchito ya ndani. Pamalo otetezedwa omwewo, wa thumba lalikulu ndi amene amatsala. Bekale ya anthu ochepa singapikisane ndi kampani yotha kulipira lendi ya zaka khumi osaphethira.

Sindikudana ndi kumanga nyumba. Ndimagona m'chipinda chimodzi cha lendi, ndipo mzere wa mabanja odikira nyumba za khonsolo ku Brent ndi wautali momvetsa chisoni. Ndikadutsa ku Alperton ndi kuona nyumba za Grand Union zitaima pomwe panali mafakitale a Northfields, ndimadziwa kuti muli mabanja amene apeza pogona. Pambali pake anamangapo nyumba ya mafakitale yosanjikiza kasanu ndi kamodzi, katundu nkumakwera pa lifiti. Nzeru imeneyi ndikuiyamikira, chifukwa nthaka siikula. Koma galaja ya achimwene imafuna bwalo loimikapo vani yofa, ndipo uvuni wathu umafuna magetsi amphamvu ndi khomo lofikapo lole ya ufa pakati pausiku. Si ntchito zonse zingakwere mmwamba.

Mnyamata wina anakumbutsa kuti siteshoni ya sitima yothamanga kwambiri ya HS2 imene ikumangidwa ku Old Oak Common, pafupi ndi Park Royal, inabwera ndi lonjezo la nyumba 25,500 ndi ntchito 65,000. Achimwene anamuyankha mwakachetechete kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ndinatanthauzira anzathu, ndipo ambiri anagwedeza mitu. Ntchito zamtsogolo zibwere ndithu, koma chiwerengero chake chisatiiwalitse zomwe zikudyetsa anthu lero. Wophunzira bwino adzapeza mpando muofesi yapafupi ndi siteshoni. Mayi wokanda ufa, kapena mnyamata amene sanapite patali ndi sukulu koma manja ake amadziwa injini, pakhomo pake polowera ntchito ndi malo ngati ano.

Mayi wa mapulani uja sanatisiye ndi madandaulo okha. Anatisonyeza mfundo ziwiri za m'pulani ya London zoti tigwiritse. Yoyamba imalola akuluakulu a mapulani kumanga pangano ndi womanga, kudzera pa gawo la lamulo la mapulani lotchedwa Section 106, kuti gawo la nyumba yatsopano likhale malo ogwirira ntchito a lendi yotsika. Yachiwiri, imene amaitcha Agent of Change, imati amene wamanga nyumba zogona pafupi ndi fakitale ndiye ayenera kuteteza olowamo ku phokoso, osati fakitale yakale ilamulidwe kusiya kugwira usiku. Koma anati mfundozi zimaluma pokhapo pakhala umboni wolembedwa, ndipo makampani akuluakulu amatumiza akatswiri awo nthawi iliyonse maganizo a anthu akafunsidwa, pamene ife timakhala tili pashifiti.

Tagwirizana kulemba kalata imodzi, bizinesi iliyonse itchule zenizeni zake: antchito angati, amachokera kuti ndipo amabwera bwanji, magetsi ochuluka bwanji, bwalo lalikulu bwanji, maola ati. Ine andipatsa magalaja ndi mabekale a mumsewu wathu, popeza ndimaweruka msanga. Ndiyamba Lachisanu masana, ndipo achimwene alonjeza kundiperekeza kwa eni magalaja amene sakundidziwa.