Loweruka la Kuseri kwa Katani

Lero tsiku lonse lathera pa zisudzo. M'mawa kunali kuyeserera komaliza kwa sewero la gulu la m'dera lathu, limene mwana wanga wamkazi akuchita nawo, ndipo madzulo tinali ndi matikiti a sewero la akatswiri amene bambo ake anagula kale. Pakati pa ziwirizi tinayenera kupeza mpata wodya, nkhani imene imaoneka yaing'ono kufikira munthu atayamba kuwerengera nthawi.

Makolo amene tinadzipereka kuthandiza tinafika ana asanafike, ndipo ine anandipatsa ntchito yoyang'anira tebulo la zipangizo za m'sewero. Tebulolo timaliyala pepala, kenako chinthu chilichonse, kaya ndi kapu, kalata, makiyi kapena ndodo, timachizunguliza mzere ndi cholembera n'kulembapo dzina lake ndi la munthu amene adzachigwire. Cholinga chake n'chakuti mumdima wa kuseri kwa siteji, mmene simuloledwa kuyatsa getsi lowala kapena kuitana munthu mokweza, diso lingoona malo opanda kanthu n'kudziwa chimene chasowa. Lamulo lake ndi limodzi, lakuti chimene si chako usachikhudze, ndipo kwa ana lamulo limeneli ndi lovuta kuposa kuloweza mawu. Mnyamata wina wamng'ono anatola ndodo ya amene akusewera ngati nkhalamba n'kuyamba kuthamangitsa nayo anzake, moti nkhalambayo inatsala pang'ono kulowa pasiteji chimanjamanja.

Munthu amene ndamusirira lero ndi woyang'anira siteji, mayi wofatsa amene masiku ena onse amagwira ntchito yosakhudzana n'komwe ndi zisudzo. Anthu ambiri amaganiza kuti wotsogolera sewero ndiye mwini zonse, koma ntchito yake imatha kuyeserera kukatha, ndipo kuyambira pamenepo sewero limakhala m'manja mwa woyang'anira siteji. Iye ali ndi buku la mawu onse a sewerolo, m'mphepete mwake mutalembedwa manambala a nthawi iliyonse yosinthira magetsi, yoimbira nyimbo kapena yotsekera katani. Amayamba wachenjeza wa magetsi kuti akonzeke, kenako amapereka chizindikiro pa liwu lenileni limene anagwirizana, ndipo akachedwa pang'ono chabe, mwana amalankhula mawu ake mumdima. Anatikumbutsanso kuti akanena kumanja kapena kumanzere kwa siteji amatanthauza kumanja kwa wosewera amene wayang'ana anthu oonerera. Bambo wina amene anali kunyamula mipando sanamve bwino mfundoyi, ndipo benchi inakhala mbali yolakwika mpaka ana eni ake anamuuza.

Mwana wanga ali ndi mizere yochepa, koma amasintha zovala mofulumira pakati pa zigawo ziwiri zotsatizana. Tinachotsa mabatani pa diresi lake n'kusokapo zomata, ndipo chovala chachiwiri amachivaliratu mkati mwa choyamba. Atatuluka pasiteji anathamangira kwa ine akupuma mofulumira, n'kunong'ona kuti, "Amayi, nsapato kaye, diresi ndivula ndekha." Ndinagwada pansi n'kumumasula zingwe, ndipo anabwerera nyimbo isanathe. Kunyumba mwana yemweyu amatha theka la ola akufunafuna sokosi, koma nkhani imeneyo ndiisiye.

Holo yathu ilibe zokuzira mawu zokwanira ana onse, choncho wotsogolera amakakhala pa mzere womaliza n'kukweza dzanja nthawi iliyonse imene sanamve liwu. Sawauza kuti akuwe. Amawauza kuti apume mozama, mawu achokere pamimba, ndipo amalize chiganizo chonse osameza mapeto ake. Lero anawasimbira za bwalo la zisudzo la ku Epidaurus m'dziko la Greece, limene linamangidwa m'zaka za m'ma 300 Khristu asanabadwe ndipo limakwana anthu pafupifupi 14,000, kuti aone kuti anthu ankamveka pakhamu lalikulu chotero magetsi asanabwere. Ana anadabwa, koma dzanja lake linapitirizabe kukwera.

Tisanabalalike, makolo amene adzalandire anthu pakhomo anatiyendetsa pa zitseko zonse zotulukira, ndipo tinachotsa mabokosi a zovala amene wina anaunjika kutsogolo kwa chimodzi mwa izo. Ena anaona ngati n'kukokomeza zinthu, koma woyang'anira siteji anatchula moto umene unabuka mu Iroquois Theatre ku Chicago pa 30 December 1903, pa sewero la masana limene munadzaza amayi ndi ana. Anthu pafupifupi 600 anafa, ambiri chifukwa chakuti zitseko zina zinali zokhoma kapena zobisika ndipo khamu linapanikizana pofuna kutuluka. Ngozi imeneyo inachititsa kuti malamulo okhudza zitseko zotsegukira kunja ndi zizindikiro zowala zosonyeza potulukira akhwimitsidwe. Palibe amene anatsutsanso.

Tinafika ku lesitilanti nthawi itatithera ndithu. Bambo ake anali atasungitsa tebulo, ndipo titangokhala anauza woperekera zakudya kuti, "Achimwene, tikupita ku sewero, ndiye mutithandize kuti tituluke nthawi yabwino." Mnyamatayo anatibweretsera mndandanda waufupi umene malo ambiri odyera oyandikana ndi mabwalo a zisudzo amakonzera anthu ofulumira ngati ife, ndipo anatiuza mosabisa chakudya chimene chingachedwe kupsa. Ndimayamikira woperekera wotero kuposa amene amangovomera zonse akumwetulira, chifukwa mabwalo ambiri salola munthu wochedwa kulowa mpaka sewero litafika popumira, ndipo tikiti imene unalipira yonse umaionera theka. Tebulo lathu linali pafupi ndi kazenera kotulutsira mbale kuchokera kukhitchini, moti ndinkamva wophika wamkulu akuwerenga mapepala a zimene anthu aitanitsa, anzake akuyankha mwachidule, ndipo mbale za tebulo limodzi zikutuluka nthawi imodzi ngakhale kuti zaphikidwa ndi manja osiyana. Ntchito yake inafanana kwambiri ndi ya mayi uja wa buku la manambala. Chakudya chinali chabwino, ngakhale kuti mwana wanga anadya akubwereza mizere yake chapansipansi, utoto wa pasiteji udakali kuseri kwa khutu.

Pamene ife tinali kulipira, osewera anali atafika kale kuntchito. M'mabwalo a ku Britain, mwachitsanzo, chenjezo lotchedwa la theka la ola limaperekedwa kutatsala mphindi 35 kuti katani itsegulidwe, chifukwa amene akuyamba sewero ayenera kukhala ataima pamalo awo kutatsala mphindi 5.

Sewero la madzulo linali labwino m'gawo loyamba, koma lachiwiri linatalika mosafunikira, ndipo wosewera wamkulu, amene ali ndi luso ndithu, ankameza mapeto a mawu akafika pa zachisoni, moti amene tinali kumbuyo tinkangoganizira zimene wanena. Komabe maso anga sanakhazikike pa iye. Magetsi akazima pakati pa zigawo, ndinkatsatira anthu ovala zakuda amene ankachotsa tebulo ndi mipando mwakachetechete, akutsogoleredwa ndi timatepi towala mumdima timene timamatidwa pansi posonyeza pamene mwendo uliwonse wa mpando uyenera kuima. M'gawo lina wosewera anatulutsa kalata m'thumba la jekete limene anali atangolivala, ndipo ndinadziwa kuti pali munthu amene anaiika m'menemo, n'kubwereranso kukaona ngati ilimodi. Mwana wanga nayenso anali kuona zomwezo, chifukwa anandikodola n'kunong'ona kuti getsi la pazenera layaka mochedwa. Bambo ake, amene sanayambe aimapo kuseri kwa siteji, anatsatira nkhani yokhayo ndipo anasangalala kutiposa tonse. Sindikudziwa kuti pakati pa ife wapindula ndani.

Pa nthawi yopuma ndinawerenga kabuku ka pulogalamu mpaka tsamba lomaliza, pamene pali mayina a osoka zovala, a magetsi ndi oyang'anira siteji, ndipo ndinapeza kuti ndi ochuluka kuposa a osewera. Foni ya munthu wina inalira kawiri m'gawo lachiwiri ngakhale kuti tinali titachenjezedwa, ndipo wolandira alendo anayenda mowerama kukamupempha kuti aizimitse, ntchito imene ndimaiopa kuposa zonse zimene makolo timagawana.

Titafika kunyumba ndinapeza uthenga wa woyang'anira siteji wokhala ndi ndandanda ya ntchito za mawa, tsiku loyamba kuonetsa sewero lathu kwa anthu. Andichotsa pa tebulo la zipangizo n'kundiika pakhomo, chifukwa mayi amene anayenera kukhalapo wadwalitsa mwana. Izi zikutanthauza kuti nsapato zija adzamasula ndi kholo lina, choncho ndalembera kholo limenelo kumufotokozera kuti ayambire nsapato ndipo diresi amusiyire mwini wake. Mbali imodzi ya zomata zija yayamba kusomoka, ndiye ndiyenera kuisokanso ndisanagone.