Kuwerenga kalata ya Ramatoulaye osaphonya nkhani yake

Ambiri akawerenga So Long a Letter, buku la Mariama Bâ wa ku Senegal lomwe lidatuluka m'Chifalansa mu 1979, amathamangira kunena kuti likudzudzula Chisilamu. Pamenepo ndiye pamene amaphonyera. Bukuli ndi kalata imene Ramatoulaye amalembera mnzake Aissatou mwamuna wake atamwalira. Amalemba kalata yonseyo ali mu eda, miyezi 4 ndi masiku 10 imene mkazi wofedwa amabindikira, ndipo sasiya kuswali. Chimene akulimbana nacho ndi amuna amene amatola m'chipembedzo zowakomera, n'kusiya zowalemera.

Powerenga khalani ndi pensulo. Paliponse pamene munthu watchula Mulungu, lembani m'mbali kuti wanena ndani, ndipo wapindula ndani. Yesani pa tsiku limene mlamu wake Tamsir, Mawdo (mnzake wa mwamuna wake) ndi imamu akubwera kudzauza Ramatoulaye kuti mwamuna wake Modou wakwatira Binetou, mnzake wa mwana wawo Daba. Akuti ndi chifuniro cha Mulungu. Koma lamulo lololeza mitala, m'Qur'an pa sura 4 ndime 3, limafunanso kuti akaziwo asamalidwe mofanana, chikhalirecho Modou adangosowa pakhomo, kusiya ana 12.

Tsatiraninso ndalama, chifukwa ndi kumene nkhanza zimabisala. Pa mirasse, mwambo wovundukula chuma ndi ngongole za malemu, zimadziwika kuti nyumba imene adaigula pothandizana ndi Ramatoulaye, Modou adaiika chikole, ndipo apongozi ake atsopano, makolo a Binetou, adawatumiza ku Mecca. Ulendo wopatulika udasanduka malipiro a mtsikana amene adamusiyitsa sukulu. Ndiye musamuyese Binetou mfiti ya nkhaniyi. Naye adagulitsidwa, ndipo wolemba amamumvera chisoni.

Pa tsiku la 40 Modou atamwalira, Tamsir akufuna kulowa chokolo, nkhani imene kwathu kuno sitikusowa womasulira. Ramatoulaye akumukana pamaso pa imamu yemwe uja. Kenako akukananso Daouda Dieng, munthu wabwino ndithu amene akumufunsira banja, chifukwa mtima wake suli kumeneko ndipo safuna kugwetsera mkazi wa Daouda misozi yomwe iye adalira.

Ophunzira amakonda kufunsa kuti wolimba mtima ndani, Aissatou amene adasiya banja n'kukagwira ntchito ku America, kapena Ramatoulaye amene adatsala. Funsoli limasocheretsa, pakuti bukuli silimugamula aliyense mwa awiriwa, ndipo Aissatou ndi amene adagulira mnzakeyo galimoto.

Za kugonana zili chakumapeto, ndipo ambiri amazidumpha. Mwana wake wamkazi, wa dzina lomwelo la Aissatou, akupezeka ndi pakati ali pasukulu. Mnansi wawo Farmata akuyembekeza kuti mtsikanayo alandira mkwiyo wa make, koma mayiyo akumukumbatira. Pambuyo pake akukhala pansi ndi ana ena aakazi n'kuwauza poyera za thupi lawo ndi kudziteteza, ngakhale iye mwini akuchita manyazi poyankhula.