Mlandu wa alenje awiri, woweruza n'kukhala ine

Lachiwiri, 4 Novembala

Dzuwa lalowa hafu pasiti folo isanakwane. Mwezi uno kumpoto kwa Scotland ndi mmene kumakhalira: ukachedwa kutsegula katani umapeza tsiku lapita kale. Alendo odzaona nyanja ya Loch Ness atha, ndiye pahotela pathu patsala alenje basi, amene kuno amawatcha ma stalker. Nyengo yowombera zazikazi za nyama zam'tchire zotchedwa deer inatsegulidwa pa 21 Okotobala, ndipo ya mitundu ya red deer ndi sika idzatsekedwa pa 15 Febuluwale.

Masana ndinali kukhitchini, kusenda mbatatesi ndi kuduladula nyama ya mphodza. Nyamayo ndi ya red deer, yofiira moderako, yopanda mafuta ngati ya mbawala. Kwa amene simunaonepo: deer amafanana ndi mbawala kapena gwape, koma nyanga zake ndi za nthambi ngati mtengo wouma, zimagwa chaka ndi chaka n'kumeranso zina. Nditangobwera ndinkaona ngati akundinamiza, mpaka tsiku lina ndinatola ndekha nyanga m'mbali mwa msewu.

Madzulo abwana anandikokera kubala chifukwa mtsikana wa kumeneko wadwala. Ndi kumene ndinaupeza mlanduwo.

Pali achikulire ena, a ndevu zoyera, amene akhala akusaka m'mapiri kuyambira ali mnyamata. Ndiye pali wina wazaka za m'ma 30, amene ntchito yake ndi kuchepetsa nyamazi m'nkhalango za paini kuti zisamadye timitengo tobzalidwa kumene. Awiriwa amagwirizana ngati munthu ndi malume ake, koma akangokhala pa tebulo limodzi nkhani ndi imodzimodziyo: nyama yovuta kusaka ndi iti?

Achikulire analowa atanyowa mpaka m'chiuno, chimanjamanja. Mnyamata uja sanadikire kuti avule jekete.

"Bwanji achikulire, ng'ombe zanu zija zathawa?"

Amazitcha ng'ombe chifukwa red deer ndi wamkulu ndipo amaonekera patali paphiri lopanda mtengo. Achikulire anakhala pansi, kuitanitsa kachasu wawo wa kuno, kenako n'kuyamba. Akuti kuona nyama si kuipha. Zazikazi zimayenda gulu, mwina 20, mwina 30, ndipo pamakhala nkhalamba imodzi imene siidya bwinobwino, ntchito yake ndi kudzutsa mutu. Palibe chitsamba chobisalamo. Umakwawa chafufumimba m'matope ozizira, mfuti uli kuikoka pambali, maola awiri kapena atatu, kuti ufike pa mtunda wa mamita 150. Lero akuti anatsala pang'ono, mphepo n'kutembenukira kuseri kwa chitunda, fungo lawo n'kufika. Gulu lonse linangoti yoyoyo kutsetserekera chigwa china.

"Iwe mwana," anatero akumuloza ndi tambula, "nyama yako umaidikira utakhala pampando wa mumtengo ngati ukudikira basi."

Mnyamata anaseka mpaka kutsokomola. Iye ndi wa sika, mtundu wochokera ku Japan umene anthu olemera anaubweretsa m'ma 1800 kuti uzikongoletsa minda yawo, kenako unathawira m'tchire. Akuti red deer amakupatsa tsiku lonse, koma sika amakupatsa mphindi zochepa chabe, m'bandakucha kapena chisisira. Amakhala mkati mwa paini wothithikana, mmene ngakhale galu amalowa monyinyirika. Ukamuwombera kamodzi n'kuphonya, waphunzira, sadzatulukanso kusanade. Ndipo ndi wolimba: chipolopolo chimulowe pabwino, amathamangabe n'kukagwera mkati mwa mitengo, iwe uziyenda chokwawa ndi tochi kufunafuna madontho a magazi.

Za kulira kwa sika ndikuchitira umboni ndine. Mwezi watha ndikuchokera kuntchito usiku ndinamva likhweru lalitali kuchokera m'nkhalango, lokwera kenako lotsika, katatu motsatizana. Tsitsi linandiima. Kwathu likhweru la usiku sitiyankha. M'mawa mwake anandiuza kuti ndi tonde wa sika akuitana zazikazi.

Pakona panali mayi wina amene amasunga nkhosa, akumwa tiyi wake phee. Anangoponyapo mawu amodzi: "Nanga roe?" Onse awiri anagwirizana koyamba usiku wonse, kumuseka. Roe ndi kakang'ono, msinkhu wa mbuzi, kamauwa ngati galu kakadzidzimuka. Koma mayiyo sanagonje. Akuti kuphonya chinthu chachikulu ngati chitseko n'kovuta, yesani kamene kamabisala kuseri kwa phata la udzu. Ine mumtima ndinamuombera m'manja, chifukwa roe ndiye gwape weniweni.

Apa m'pamene achikulire anatembenukira kwa ine. "Iwe wa ku Malawi, tiweruze. Suli mbali iliyonse."

Ndinawauza zoona, kuti mfuti sindinaigwirepo. Chimene ndikudziwa ndi uzimba wa agogo anga aamuna ku Ntchisi, nthawi ya chilimwe tchire litapsa: agalu owonda, zibonga, mauta, anyamata kukuwa m'mbali. Nawonso ankakangana chonchi pabwalo. Ena ankati gwape ndiye wovuta chifukwa amathamanga mokhotakhota n'kudziponya m'chitsamba. Agogo ankati mbawala yamphongo, chifukwa ikavulala siithawa, imatembenukira agalu ndi nyanga. Anali ndi galu wa chipsera m'nthiti amene ankamuonetsa ngati mboni.

Anamvetsera ndithu, koma chigamulo ankachifunabe. Ndinapereka kwa sika. Chifukwa changa n'chakuti achikulire nyama yawo amaiona, chowalepheretsa ndi mphepo ndi mawondo, pamene mnzawoyu masiku ambiri amabwerera osaona ngakhale mchira. Mnyamata anaimirira n'kundigwira chanza ngati ndamupatsa ufumu.

Achikulire sanakwiye. Anangondifunsa ngati ndinayamba ndasenzapo thumba la chimanga la makilo 50. Ndinati kambirimbiri, kupita nalo kuchigayo. Ndiye anati yaikazi ya red deer, utachotsa kale matumbo, kulemera kwake n'komweko, koma chigayo chake chili kuseri kwa phiri, njira ndi ya dambo, ndipo kukuda. Kale ankanyamulira pa timahatchi ta m'mapiri totchedwa garron, ndipo malo ena akutero mpaka lero. Kumene iwo amasaka, galimoto ya mawilo 8 yonyamulira nyama imafika theka la njira, kotsalako ndi chingwe ndi msana wa munthu. Ndipo sangasiye, pakuti mimbulu inatha kuno zaka mazana apitawo, chilombo chodya deer palibe, akachuluka amadya mphukira iliyonse.

Ndinati zimenezo ndi za kunyamula, osati za kusaka. Iwo anati munthu amene sananyamulepo ndi amene amasiyanitsa ziwirizi.

Ndiye ndagwa m'mbuna yokumba ndekha. Lachinayi ndili pa ofu, ndipo achikulire adzandipeza pageti 6 koloko m'mawa kuti ndikakoke chingwe. Andiuza kuti ndisavale jekete yanga yofiira ija, ndisadzole mafuta onunkhira, masokosi ndilowetsemo thalauzi chifukwa cha nkhupakupa. Mabuti andibwereka mnyamata wa sika, ndi saizi 11, ine ndimavala 8. Ndaikamo kale nyuzipepala kutsogolo.