Chogwirira cha m'bafa chazuka ku Mabvuku

Lolemba ndi Lachiwiri tinali ku Mufakose, dera la mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ntchito yamasiku onse: kukuza khomo la kuchipinda lifike masentimita 90 kuti njinga ya olumala ya agogo izilowa, ndi kuwaka potsetsereka pakhonde. Sitepe yake ndi ya masentimita 30, ndiye pa muyezo wa 1:12 (kukwera sentimita imodzi pa masentimita 12 aliwonse) pakufunika mamita 3.6. Eni nyumba amafuna mamita awiri kuti galimoto ipeze poima. Tinakana.

Zopsetsa mtima zinachitika Lachitatu ku Mabvuku, dera lina la mu Harare momwemo. Agogo aamuna, a gulu lija linabwera kuchokera ku Nyasaland chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chisanathe mu 1963, anagwa m'bafa chogwirira cha pakhoma chili m'manja. Chinazuka ndi mapulagi ake omwe, timachubu tolowetsa m'khoma kuti sikulu igwire. Papepala la ntchitoyo panalembedwa bwino lomwe: mabawuti a M10, okhuthala mamilimita 10, oboola khoma lonse, kuseri kwake chitsulo chafulati. Mabwana akuofesi anati zimenezo n'zodula, natumiza mapulagi apulasitiki a 8 mm. Khomalo ndi la njerwa zosapsa bwino, zofumbutuka dirilo ikangolowa, ndipo theka la pulagi limathera mu pulasitala. Kupachikapo tawulo n'kotheka. Osati munthu wa makilo 70 woterereka n'kukoka mwadzidzidzi.

Vuto lina linali chitseko cha bafalo, chotsegukira m'kati. Agogo atagwa anachitsekereza ndi thupi lawo, mahinji nawo ali m'kati momwemo. Mdzukulu wawo ankangofuula panja kuti, "Agogo, tasunthani pang'ono!" mpaka anansi anachita kuchithyola. Mwamwayi fupa silinathyoke.

Chimene ojambula mapulani amaiwala ndi madzi. Amajambula shawa ndi malo a mamita 1.5 otembenukirapo njinga, chonsecho mipope ya ku Mabvuku ndi Tafara imakhala youma. Malo ajawo adzaza zigubu ndi ndowa, madzi otayikira ali phamphampha pa matailosi osalala. Wokalamba wa kuno amasamba za m'ndowa, chowerama.

Lachinayi tinamanga chogwirira china pa masentimita 85 ndi mabawuti oyenera, n'kuchiyesa podzilendeweza amuna awiri. Chitseko chatsopano chikutsegukira kunja. Tinawaka benchi la masentimita 46 lokhalapo posamba ndi poika ndowa pafupi, zigubu zapita kukhonde.

Matailosi okhakhala akudikira. Lachisanu magetsi anathima m'mawa, makina odulira akhala chete tsiku lonse, ndipo akuofesi akufunsabe kuti ndalama ya mabawuti anayi aja anavomereza ndani.