Loweruka la chiperoni, buku langa likadali mu fulashi

Chiperoni chayamba usiku ndipo m'mawa wonse phiri la Mulanje silimaoneka n'komwe, kunangoti mbuu mpaka ku minda ya tiyi. Ndimafuna ndikhale pakhomo ndimalize mutu womwe ndikulemba koma magetsi anathima kusanache, ndipo laputopu yanga ikangochoka pa soketi imazima. Ndiye ndangoti basi ndipite ku Luchenza ndikaprintitse mitu yomwe ndamaliza, chifukwa ine pokonza zolemba ndimafuna pepala ndi bolopeni yofiira, pa sikirini maso amangodumpha zolakwika.

Mu Sienta tinapanikizana ngati mwa masiku onse. Mnyamata amene anakhala pambali panga anali pa foni, ndipo poti tinathinana ndinaona zomwe amawerenga. Inali nkhani yopeka, ya Chichewa, pa peji ina ya Facebook, pamwamba palembedwa gawo 37. Kuchokera pa Chitakale mpaka pa Chonde sanadzutse mutu, ngakhale dalaivala atamufunsa ndalama anangopereka osayang'ana. Mtima wanga unakondwa kaye, ndinati anthu akuwerengabe. Koma atamaliza anangoseseretsa chala n'kugwera pa kanema wa anthu ovina, ndipo sindikukhulupirira ngati dzina la wolemba nkhani ija analiona.

Shopu yomwe ndimaprintitsa ku Luchenza kale inali ndi shelefu yonse ya mabuku, ndinagulapo tinkhani tambiri ndili ku sekondale. Lero khoma lonse ndi matchaja, mahedifoni ndi makava a foni. Mabuku atsala pakona, makope ndi mabuku ochepa a sukulu basi. Pamene printa imatulutsa mapepala anga ndinawafunsa eni ake ngati angandigulitsireko buku langa likadzatuluka. Anandiyankha mwaulemu koma mosabisa. "Achimwene, kuno buku loyenda ndi la pa silabasi. Kholo limagula poti mwana akalemba MSCE, MANEB ikafunsa za m'menemo. Lanulo ndikhoza kuika, malo alipo, koma lingokhala pompo mpaka chikuto chisuluke."

Sindinawakwiyire, akunena zomwe amaona tsiku ndi tsiku. Anandionetsanso mtengo wa limu ya mapepala, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake kuprintitsa kwakwera chonchi. Mapepala amachokera kunja, inki kunja, makina akaonongeka zipangizo zake kunja, ndiye kwacha atagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonsezi zinakwera limodzi. Munthu wothyola tiyi kapena wogulitsa nanazi m'mbali mwa msewu, akalandira kandalama kake aganiza za ufa, sopo ndi fizi, ndipo sangalakwe. Bandulo ya tsiku limodzi imamupatsa nkhani, nyimbo, mpira ndi abale ake a ku Joni pamodzi, ndiye buku langa limodzi lipikisana bwanji ndi zimenezo.

Pobwerera ndinadzera kwa achemwali. Ndinapeza mwana wawo wamkazi, wa Fomu 3, ali pakhonde atadzikulunga chitenje, foni m'manja. Ndinamufunsa akuwerenga chiyani, iye n'kundionetsa gulupu ya WhatsApp yomwe wolemba wina amaponya nkhani madzulo aliwonse, ndipo ofuna kuwerenga magawo a kutsogolo amatumiza kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba. Kunena zoona mnzangayo wapeza njira, alibe wosindikiza, alibe shopu, koma owerenga ali nawo ndipo amamulipira, ine sindimunyoza ngakhale pang'ono. Ndinawerenga magawo atatu. Lililonse limathera pomwe wina watsegula chitseko mwadzidzidzi kapena foni yalira pakati pa usiku. Chichewa chake chokoma ndithu, koma palibe pomwe munthu wa m'nkhanimo amakhala pansi n'kupuma.

"Ankolo, bwanji nanunso osangotsegula gulupu? Anzanga alowa, ndiwauza."

Ndinamufotokozera za buku langa. Ndi nkhani ya agogo ena a cha ku Muloza amene madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anawatengera munda ndi nyumba. Muli mutu wina womwe ndimaukonda kuposa yonse, agogowo ali pa msasa, wina wawapatsa nandolo m'kambale kuti aphike, iwo m'malo mophika akhala pansi akusankha njere imodziimodzi, zabwino akumanga pa nsonga ya chitenje kuti adzadzale, chonsecho sakudziwa ngati adzakhalenso ndi poti adzale. Mutu wonse ndi umenewo, masamba angapo, palibe amene wabwera kapena kukuwa. Mwanayo anamvetsera bwinobwino, kenako anati, "Ndi zomvetsa chisoni ankolo, koma pa gulupu anthu angatuluke. Amafuna chichitike china chake."

Mantha anga ali pamenepa. Sindikuopa kuti anthu asiya kukonda nkhani, zimenezo ndaona ndi maso anga lero kuti sizoona. Ndikuopa kuti nkhani yaitali, yoyenda pang'onopang'ono, yomwe imafuna munthu akhale nayo masiku angapo osasokonezedwa, ikusowa pokhala. Ndipo ndikuopanso za ine mwini, kuti tsiku lina ndidzatopa n'kuyamba kudula mitu yanga m'tizidutswa, agogo aja ndidzawachotsere nandolo zawo n'kuwapatsa chinsinsi choti chiululike pa gawo 20, chifukwa chofuna kuti wina andiwerenge. Wolemba aliyense amafuna owerenga, ine ndimawafuna kwambiri.

Achemwali amamva zonsezi ali kukhitchini. Potulutsa tiyi ndi mbatata anati, "Achimwene, nthano zomwe ankatiuza agogo madzulo zinatha ife tikuona. Ndani lero amayankha kuti tili tonse? Ana awa sadziwa ngakhale imodzi, ndipo dziko silinaime." Mawu amenewa andipweteka kuposa a mwini shopu uja, chifukwa ndi oona. Zinthu zabwino zimathadi, ndipo palibe amene amalengeza kuti lero ndi lomaliza. Wailesi inabwera, kenako makanema a m'mavidiyo shoo, pano foni, ndipo chilichonse chimatenga kanthawi kamadzulo komwe kanali ka chinzake.

Komabe ndinawatsutsa pa chinthu chimodzi. Nthano zija zinatha mosavuta chifukwa zinali pakamwa pokha, mwini wake akamwalira zimapita naye. Buku limadikira. Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara, linatuluka mu 1933, ndipo mpaka lero munthu akalipeza akhoza kulitsegula n'kumva mmene anthu ankalankhulira ndi kuganizira nthawi imeneyo. Ndinamufunsa mwanayo kuti nkhani zomwe anawerenga chaka chatha zili kuti, iye anati anafufuta poti foni inadzadza, ndipo gulupu ina inangotsekedwa wolemba wake atasintha nambala. Ndiye zaka 50 zikubwerazi, mwana wobadwira ku Muloza akadzafuna kudziwa mmene agogo ake anamvera madzi atawalanda zonse, osati chiwerengero cha nyumba zogwa koma mmene zinalili mumtima, adzakapeza kuti? Achemwali anangoti mmm, n'kundithirira tiyi wina.

Ndafika kunyumba magetsi atayaka, koma sindinayatse laputopu. Ndakhala ndi mapepala aja ndi bolopeni yofiira mpaka 10 koloko. Mutu wa nandolo ndaukonza mawu apa ndi apo koma sindinaufupikitse. Mvula ikuwazabe ndipo pepala limodzi linanyowa m'chikwama, inki yamwazika pa ndime ziwiri, ndiyenera kuliprintitsanso.

Mawa tikatuluka ku tchalitchi ndikamusiyira mwana uja mitu itatu yoyambirira, ya papepala, ndamuuza kuti asandinamize, akatopa andiuze tsamba lomwe watopera. Lolemba ndikwera ya ku Limbe kukafunsa osindikiza mtengo wa mabuku ochepa chabe, oti ndingathe kunyamula ndekha m'katoni n'kumayenda nawo m'masukulu a konkuno.